Tsiku Limene Kanyanta Anaopa Roller Coaster

Matikiti anagula ndi Kanyanta, kale mu winter, nthawi ija mkazi wake Daphne ankangogona pa sofa mu flat yawo ku Santry, makatani otseka, thesis osayikhudza n'komwe. Anabwera kuchokera ku shift, iye amayendetsa basi ya ku airport, n'kumuonetsa foni akumwetulira ngati timu yake yachinya. Weekend yonse mu July ku park ya masewera kumpoto kwa Dublin. Hotelo pompo. Arts festival pompo. Dinner pa tebulo lalitali mu tenti. Ndiye pamwamba pa zonsezo, roller coaster ya matabwa ija ankangoionera pa foni mpaka battery kutha. Anati akakwera awiri, mpando wakutsogolo, manja m'mwamba, ndipo Daphne akakakuwa mokwanira chisoni chonse chikatuluka. Daphne anangovomera kuti munthuyo asiye kumuyang'ana choncho.

Chisonicho chinali cha mimba. Chaka chathacho Daphne anaima, ndipo tsiku lomwelo limene ka test kanaonetsa mizere iwiri anaika pa status: timasokosi ta mwana, timitima, kanyimbo kumbuyo. A kwawo ku Chirimba anaona. A ku Lusaka kwa Kanyanta anaona. Class yonse ya public health inaona. Sipanatenge nthawi, anapita padera. Palibe anamunena. Amayi ake anangoti pa foni, mawu otsika, zinthu izi mwanangu sitimathamangira kuzitchula. Koma amene anayala nkhani yonse anali azakhali ake a Kanyanta, bana Mubanga, a ku Lucan, nurse wakalekale mu Dublin muno. Anabwera ndi nkhuku yophika kale, anakolopa ku kitchen, n'kudzakhala m'mphepete mwa sofa Kanyanta ali ku ntchito. Anafotokoza kuti kwawo kwa Abemba mimba satchula mwini wake, olo kwa mwamuna wake. Amadikira mayi wamkulu wa kuchimuna abwere, aloze, apemerere pamimba, amange mkanda woyera pamkono, anene yekha mawuwo. Akatero ndiye pakamwa pa aliyense patseguka.

"Ikabwela ina, ukankale zii," anatero ba aunty. "Ine nizaona neka."

Daphne amadziwa zinthu. Ma journal amawerenga, ma statistics amawaphunzitsanso kwa ma first year. Status siichotsa mimba ya munthu. Koma zonsezo zinali m'mutu, pomwe mantha anali atakhala pakhosi. Ndiye itabweradi ina, anatseka pakamwa. Kuchipatala ankapita yekha pakati pa ma lecture, kumeneko makina ndi amene ankalankhula. Kunyumba zii. Kudikira ba aunty aone. Kenako ba aunty anaitanidwa ku maliro kwawo ku Kasama, ku Zambia, anati abwera next week, ndipo next week yawoyo inkangosuntha, kusuntha, mpaka July anakwana.

Za Kanyanta sankada nkhawa kuti angaone. Munthu woti butter ali pamphuno pake mu fridge amafunsa kuti ali kuti. Mwana wa mu town, wa ku Chilenje ku Lusaka, miyambo amaiseka. Vuto linali limodzi basi: atsika bwanji pa roller coaster imene sanaikwere, osatchula chifukwa.

Anafika Loweruka m'mawa, kunja kukuwala ngati Ireland yaiwala khalidwe lake. Chinthucho unkachiona usanafike ndi pa gate pomwe. Matabwa okhaokha, kupingasana, kukwera, kukwerabe, ngati munthu wadula Chikangawa yense n'kumuluka. Daphne anaima pa car park kukamwa kuli yasa. Pa foni sichinkaoneka chonchi. Kasitima kankakwera pang'onopang'ono, ke ke ke ke, mpaka anthu kuoneka ngati nyerere pa nsonga, kenako kanaima kaye ngati kakuganiza, ndiye n'kugwa. Phokoso lake ngati mvula ya matalala ikamabwera pa malata, kuyambira kutali mpaka pamutu pako. Nthaka inkanjenjemera pansi pa nsapato. Anthu aja ankakuwa mawu amodzi aatali, oti sungadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka.

Anangozindikira kuti dzanja lake lapita lokha pamimba. Analichotsa msanga n'kulipisa m'thumba la jacket.

Pakhomo pa queue panali chikwangwani cha zithunzi. Munthu wogwira mtima, mzere wofiira. Munthu wogwira msana, mzere wofiira. Mayi wa mimba, mzere wofiira. Daphne anali atakonza mabodza atatu kuchokera ku Santry: wig iuluka, breakfast yamukhala pamtima, nsapato zivuka. Onse anali ofooka, ankadziwa. Kanyanta akanangoti wig aigwirira, nsapato avule. Anatsegula pakamwa kuti ayambe ndi la breakfast.

Kanyanta anali ataima kumbuyo, mutu uli m'mwamba, kapu yake ya kumutu ili m'manja.

"Babe," anatero. "Ine niyopa."

"Ukuti chani?"

"Niyopa, mwandi. Pa phone chenze kuoneka ching'ono."

Daphne anamuyang'ana. Bambo wamtali chonchi, woyendetsa chibasi pa M50 mvula ikugwa chammbali, amene wakhala akuimba za mpando wakutsogolo kuyambira winter. Timwana tofika m'chiuno mwake tinkawadutsa tikuthamanga, kamodzi kakunyambita ice cream. Mtima wa Daphne unatsika mwaa, mpumulo wokhawokha, ndipo kuti asaonekere anayamba kumugemula. Anamufunsa ngati amugulire pampers. Anati akauza choir yonse ku Lucan, akauzanso anzake a ku depot. Kanyanta ankangogwedeza mutu, eee, kambani chabe. Ndiye Daphne anapitirira malire pang'ono, mmene munthu amachitira bodza likamuyendera bwino.

"Chabwino, ndigwirire bag. Ndikwera ndekha."

Dzanja linamugwira pamkono asanasunthe phazi. Kugwira kwenikweni, kopweteka. Kanyanta sanaseke. Anangoti sangamusiye yekha pansi ngati chitsiru, anthu amuseka, tiye tikaone kwina. Daphne anati a Zambia ndi manyazi awo, n'kumutsatira, akusisita mkono.

Anakwera kasitima ka agogo kozungulira dziwe, kothamanga ngati ngolo. Anaonera mbalame zikuluzikulu zikuuluka kuchoka pa dzanja la munthu n'kubwerera. Timagalimoto togundana Kanyanta anakana, ati khosi. Bwato logwera m'madzi anakana, ati jeans sizingaume. Daphne sankafunikanso kunama, zonse ankamukanira ndi mwamuna. Zinayenera kumusangalatsa. Koma pofika masana china chake chinayamba kumuwawa. Ankaona ma couple ena, mkazi mimba ili patsogolo poyera, mwamuna atanyamula bag ya mkazi akumufunsa ngati akhale kaye. Iye anali ndi nkhani yaikulu kuposa park yonseyi, ndipo munthu yekhayo amene ankafuna kumuuza anali pambali pake akudya popcorn, akudandaula za khosi. Mawu aja ankafika mpaka pa lilime. Akafika, ankakumbukira bafa la ku Santry chaka chatha, matailosi ozizira, n'kuwameza.

Festival inali kuseri kwa ma ride, pabwalo la udzu lalikulu ngati ma ground atatu a mpira. Kumeneko ndiye Daphne anaiwala kaye zake. Mtsikana wina anali atajambula dzenje pa simenti ndi choko, dzenje lakuya lokhala ndi masitepe ndi madzi pansi, moti anthu ankalilambalala olo akuona choko chili m'manja mwake. Bambo wina ankauzira galasi lamoto pa chitsulo chachitali, likufufuma ngati chitumbuwa m'mafuta, kenako analitsina apa, analikoka apa, n'kutuluka kavalo. Kavalo weniweni, miyendo inayi, akuwala. Kanyanta anati ameneyo kwawo akanamuthamangitsa m'mudzi. Ena ankaimba nyimbo pomenya mapaipi a madzi ndi ma slippers, ndipo inali nyimbo ndithu, yoti Daphne anapezeka akuvina ndi mapewa.

Kenako ng'oma inalira kamodzi, ndipo anthu onse anatembenukira kumitengo.

Choyamba chinaoneka ndi mutu, pamwamba pa mitengo. Daphne anaganiza kuti maso akumunamiza. Mutu wa mayi. Kenako mapewa. Kenako mayi yense anatuluka m'mitengomo, wamtali kuposa basi ya double-decker, wolukidwa ndi timitengo tosalala ngati dengu, moti dzuwa linkadutsa m'nthiti mwake. Diresi lake linali la nsalu zakale za maboti, zigamba pa zigamba. Tsitsi la zingwe za asodzi, lotuwa, lofika m'chiuno. Pansi pake panali anthu ovala ma overall, ena akukoka zingwe, ena atanyamula mapolo, koma ukangoyang'ana nkhope ija anthuwo ankasowa. Chimayicho chinkaphethira. Chifuwa chinkakwera n'kutsika. Phazi likanyamuka unkamva timitengo tikulira, tsss, ngati mphasa yatsopano, n'kutera pa udzu mosamala ngati chikuopa kuponda mwana wa munthu.

Bwalo lonse linati zii. Anthu ochuluka chonchija, ana omwe, zii. Daphne anamva tsitsi likuimirira pansi pa wig.

Chinkayenda, n'kuima. Chikaima chinkayang'ana uku ndi uku, kenako mkono umodzi unkatsika, chala chachitali ngati nkhafi chikuloza munthu mmodzi pagulu. Mkonowo ankauyendetsa ndi polo mayi wina wamfupi wa imvi, wovala overall yothimbirira. Chikaloza, chinkawerama n'kupemerera munthuyo timapepala toyera. Chinatero kwa kamtsikana kali paphewa pa bambo ake. Chinatero kwa agogo a pa wheelchair, iwo n'kuchiponyera kiss.

Ndiye chinafika pamene panali Daphne n'kuima.

Mthunzi unawaphimba onse. Maso aja, aakulu ngati mabeseni, anayendayenda pagulu n'kutsika. Mkono unayamba kubwera. Mphepo inawomba, diresi la nsalu za maboti linati phaa, mkono unagwedezeka, n'kupitirira kutsika. Daphne anafuna kubwerera m'mbuyo koma kumbuyo kunali anthu. Chala chinadutsa pamutu pake, chinadutsa pankhope, chinadutsa pachifuwa. Chinaima pamimba. Osakhudza, kungotsala kampata koti dzanja lingadutse.

Mawondo anapinda okha. Sanaganize n'komwe za jeans yoyera kapena za azungu. Ndi mmene anakulira, wamkulu akakuweramira sumaima chilili. Anagwada pa udzu, ndipo chinkhope chija chinatsika mpaka anamva fungo lake, fungo la mitengo yaiwisi ndi nyanja yamchere. Milomo inatseguka. Mpweya wofunda unatuluka, fuuu, ndipo zoyera zinamugwera pamimba, pamiyendo, m'manja, kugwa, kugwabe, ngati sizidzatha.

Pambali pake anamva kuomba m'manja kwa mtundu wina. Osati kwa chisangalalo. Kuja kwa manja okhotetsa, kwapansipansi, kolonjera akuluakulu. Anacheuka. Kanyanta anali atanjuta, kapu ili pansi, mutu woweramitsa, akuomba. Mwana wa ku Chilenje uja. Misozi ikutsikira m'ndevu.

Gulu lonse linaombera m'manja, mafoni m'mwamba, ena kuimba malikhweru. Ankayesa kuti awiriwa ndi a show yomweyo. Chimayi chinadzuka pang'onopang'ono n'kupitirira, anthu n'kuchitsatira, mpaka awiriwo anatsala okha pa udzu woyera ndi timapepala.

"Kanya."

"Mm."

"Roller coaster ija."

"Nakuuza, niyopa."

Koma sanamuyang'ane. Anapisa zala m'kathumba kakang'ono ka jeans, kaja kosalowa kanthu, n'kutulutsa tissue yopindapinda. Anaitsegula pa chikhatho. Mkanda woyera, timikanda ting'onoting'ono pa ulusi.

Nkhani inatuluka mwa zidutswa. Ba aunty anali ataona kale, Sunday ina ku church ku Lucan, pamene mbale ya chikanda inkadutsa ndipo Daphne anaipatsira kutsogolo atagwira mpweya. Tsiku lopita ku Zambia, Kanyanta akuwanyamulira zikwama pa airport, anamukokera pambali n'kumufumbatitsa. Sunga, usamange wekha, ndipo pakamwa utseke mpaka ndibwere. Chichokereni tsikulo mkandawo wakhala ukusamuka thalauza ndi thalauza. Tsiku lina Kanyanta anachita kuzimitsa washing machine ili pakati n'kuvuula ndi manja, madzi thoo pansi, n'kunamizira paipi.

Daphne anakumbukira tsiku la paipi. Anakumbukiranso tiyi wa ginger amene ankangopezeka pa counter m'mawa, Kanyanta ati anapanga wambiri mwangozi. Nsomba zimene anasiya kukazinga m'nyumba, ati landlord wadandaula. Miyezi yonseyi akugona bedi limodzi, aliyense atayang'ana khoma lake, kulondera chinthu chimodzi. Anamumenya pachifuwa, osati pang'ono.

"Ndiye unkandisiya ndizisanza ndekha m'bafa, nditayatsa fan kuti usamve?"

"Nenze pa door, babe. Everyday."

Anaseka, analira, anamuchotsa timapepala m'ndevu. Koma ngakhale pamenepo palibe anatchula. Ankazungulira mawuwo ngati minibus ikamalambalala dzenje. Daphne anafunsa ngati zachitikazi zikuwerengedwa. Kuloza kwachitika, kupemerera kwachitika, zoyera zinalipo. Kanyanta anati sadziwa, iye si mwini mwambo, ndi wonyamula mkanda chabe.

Dinner inali mu tenti yoyera yotsegula m'mbali, tebulo limodzi kuchoka uko kufika uko, maluwa a kutchire m'mabotolo a jamu, anthu osadziwana atakhala phewa ndi phewa. Wotchi inkati madzulo koma dzuwa linali likadali m'mwamba, lagolide, losafuna kupita. Waiter wawo, Gerard, wa ndolo kukhutu, ankafotokoza mbale iliyonse ngati akudziwitsa m'bale wake: uyu wachokera kunyanja ya kumadzulo m'mawa uno, uyu wakulira paphiri lakuti. Yoyamba inali oyster, nkhono ya m'nyanja yosaphika, ili m'chigoba chake pa ice, zija madokotala amaletsa amayi oyembekezera. Daphne asanaganize chochita, Kanyanta anali atameza yake, n'kutenga ya Daphne n'kumezanso, maso otseka, khosi likukana. Munthu woti olo usipa wa fresh amaukayikira. Cheese chofewa anadya mbale ziwiri. Cider anamwa matambula awiri. Gerard anayang'ana mbale, anayang'ana Daphne, n'kubwerako ndi juice wa maapozi ndi supu yotentha. Kenako kunabwera nyama ya nkhosa itavundikiridwa ndi chigalasi chodzaza utsi. Gerard atavundukula, utsi unayenda pa tebulo ngati nkhungu ya pa Zomba, ndipo nyamayo inkachoka pa fupa ukangoiloza ndi foloko. Mbatata zing'onozing'ono za butter. Buledi wakuda wofunda. Daphne anadya ngati wabwera wapansi kuchokera ku Santry. Chakudya chinali chisanamukomere chonchi kwa miyezi.

Ali pakati pa nkhosa Daphne anaika foloko pansi.

"Aimbire ba aunty."

Ku Kasama kunali kutada kale. Nkhope ya ba aunty inaoneka pansi pa kababu ka solar, chitambala kumutu, kumbuyo agalu akuuwa. Daphne anawalonjera bwinobwino, anapepesanso maliro, kenako Kanyanta anafotokoza zonse, mpaka za oyster. Ba aunty anamvetsera osaphethira. Anafunsa ngati chinthucho chinali chachikazi. Inde. Chachikulu? Kuposa basi. Chinapemerera? Eee, zoyera.

"Chidole si mubululu wathu," anatero pomaliza.

Daphne anayang'ana m'mbale. Chabwino. Si wachibale, ndiye adikiranso. Next week ina.

Koma ba aunty anali asanamalize. Anati iwo tulo sakugona, amusiya mwana wa eni pakamwa potseka nthawi yaitali, ndipo ticket yasunthanso. Anati chidole chilibe nzeru, koma chili ndi amene amachigwira mkono. Ndani anagwira? Kanyanta anati mayi wina wa imvi. Ba aunty anafunsa ngati imvizo ndi zenizeni kapena za fashion ya ku Dublin. Atamva kuti zenizeni anati amupeze. Mawu anena okha, manja abwereka.

Sanavutike kumupeza. Anthu a ma overall anali kumapeto kwa tebulo lomwelo, ndipo mayi uja anali pakati pawo akusenda mbatata ndi zala, manja okandikakandika ndi mitengo. Daphne anaona mwamuna wake akunjuta pambali pa mpando wa mzungu wosamudziwa, akufotokoza m'Chingerezi ndi manja omwe, akuloza foni, akuloza mkanda, akuloza iye, mawu amodzi okha aja akuwadumpha. Mayiyo anamvetsera, anapukuta manja pa overall, n'kubwera. Dzina lake Lois. Sanaseke, sanafunse ngati ndi za video. Anangoti amayi ake kwawo kumadzulo sankalola pram kulowa m'nyumba mwana asanalire, inkakhala kwa neba, ndiye iye akumva.

Daphne sanapirire. Anafunsa chifukwa chimene anasankhira iyeyo pa anthu onse aja. Lois anati asaname, iye ankafuna bambo wa chipewa amene anali kumbuyo. Mphepo inatenga mkono, polo inalemera, ndipo pa zaka zonse wayenda ndi chimayicho anaphunzira kuti chikafuna kwina umangochisiya.

Kanyanta anatsamiritsa foni pa jagi ya madzi. Daphne anatsika pa mpando n'kugwada pa udzu, kachiwiri tsiku limodzi. Anthu oyandikira anasiya kulankhula, kenako oyandikira iwowo, zii uja n'kuyenda ndi tebulo mpaka kumapeto. Gerard anaima ndi mbale za ma strawberry m'manja. Lois anazunguliza mkanda pamkono wa Daphne n'kugwira nsonga ziwiri osamanga, kudikira.

"Daphne, mwana wanga," anatero ba aunty. "Nakuona. Iwe..."

Chithunzi chinauma. Ba aunty kukamwa kuli kotsegula, diso limodzi lotseka, kachizungulire kakuzungulira pamphumi pawo.

Palibe anasuntha. Kanyanta anatambasula dzanja kuti agwire foni, n'kulibweza. Daphne ankamva zala za Lois zokhakhala pamkono, ankamva kutali kasitima kaja kakukwera, ke ke ke ke. Mbalame ya kunyanja inatera pa chingwe cha tenti. Kachizungulire kanazungulira, kanazungulira.

"...uli na mimba," inatero foni, mokweza kuposa poyamba. "Wamvela? Uli na mimba. Usanyoze bantu, usakwiye-kwiye, udye. Mangani, mayo."

Lois sanafunike womasulira. Anamanga mfundo, anamanganso ina, n'kuwerama kuluma ulusi wotsala ndi mano. Kenako anapemerera pang'ono pa mfundoyo, fuu, kaya anauzidwa kaya ndi chizolowezi cha ntchito.

Daphne anadzuka. Anayang'ana mkanda, anayang'ana mwamuna wake. Mantha aja anali pakhosi pomwepo, sanapite kulikonse, anangosendera pang'ono kuti mawu adutse.

"Kanya, ndili ndi pakati."

Anadikira. Anamvetsera thupi lake lonse, m'mimba, msana, miyendo. Palibe chinachitika. Dzuwa linali pomwe linali. Mbalame ija inauluka.

"Niziba," anatero Kanyanta. "Kamba futi."

Ananenanso. Kachitatu ananena m'Chingerezi, chifukwa tebulo lonse linali likuyang'ana ndi maso ofunsa, ndipo tenti inaphulika. Matambula m'mwamba, mayi wina wosamudziwa anamukumbatira, ku Kasama ba aunty akuimba nthungululu agalu n'kumayankha. Gerard anaika ma strawberry pamaso pake, mbale ziwiri, ati imodzi si yake.

Ali mkati modya, phokoso la matalala lija linamvekanso kuseri kwa mitengo. Daphne anaona khutu la mwamuna wake likutsatira. Anafunsa Gerard ngati ma ride atseka, ndipo Gerard anati weekend ya festival amatseka dzuwa likalowa.

"Pita," anatero Daphne. "Bweretsa jacket."

Sanadikire kuuzidwa kawiri. Anathamanga ngati timwana tija, bambo wamtali wa ma oyster awiri ndi cider m'mimba. Daphne anatsatira pang'onopang'ono n'kukaima pansi pa matabwa, pomwe dzuwa linkadutsa m'mipata n'kujambula mizere pa udzu. Chapatali, chimayi chija anali atachikhazika pansi chitatsamira mtengo, manja pamiyendo, maso otseka. Daphne anaika dzanja pamimba. Sanalichotse. Anaona kasitima kakukwera, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali shati yofiira ya Kanyanta, manja kale m'mwamba. Kanafika pa nsonga, kanaima kaye. Manja aja anatsika msanga n'kugwira chitsulo. Ndiye pa kukuwa konse kwa Dublin, Daphne anamva mawu amodzi oti sangawasokoneze, akuitana amayi ake m'Chibemba kuchoka pamwamba mpaka pansi.

Anatuluka atagwira mpanda, miyendo ikukana, nkhope yotuwa, kapu itapita. Anafika n'kukhala pansi pa udzu, mutu n'kutsamira pa mwendo wa mkazi wake. Daphne anamufunsa ngati akufuna pampers uja tsopano.

"Mantha ya kuseni, pa queue paja, yenze ya boza," anatero Kanyanta akupuma mwabefu. "Iyi ni ya zoona."